Usiku wa Agnawa ku Essaouira

Kuchokera ku Marrakech, basi imayenda maola pafupifupi atatu kukafika ku Essaouira, mzinda wamphepo wa m'mbali mwa nyanja ya Atlantic ku Morocco. Alendo ambiri amathamangirako mu June, nthawi ya chikondwerero cha nyimbo za Gnawa chomwe chinayamba mu 1998. Zapabwalo la Moulay Hassan n'zokoma ndithu, koma n'zachionetsero. Wofuna kumva mtima wa nyimbozi afunefune lila, mwambo wochezera usiku wonse womwe umachitikira m'nyumba kapena ku zawiya (nyumba yachipembedzo) ya Sidna Bilal.

Agnawa ndi zidzukulu za anthu ogwidwa ukapolo kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ena anabwera nawo asilikali a Ahmad al-Mansur, mfumu ya Morocco, atagonjetsa ufumu wa Songhai mu 1591, ena anadzalowetsedwa m'gulu lankhondo la mfumu ina, Moulay Ismail. Popeza mibadwo ya makolo awo inadukira m'njira, anadzitengera Bilal kukhala kholo lawo, kapolo womasulidwa uja amene ankaitanira anthu ku swala m'masiku a Mtumiki Muhammad.

Mukalowa, khalani pafupi ndi maalem, mtsogoleri wa oimba, apo ayi guembri simuimva. Chida chimenechi ndi chipika chogoba ngati kabwato, chokutidwa ndi chikopa cha ngamira, cha nsambo zitatu za matumbo a mbuzi. Maalem amakola nsambo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zomwezo zikumenyanso chikopa, moti chida chimodzi chikugwira ntchito ya ng'oma ndi ya zeze. Vuto la mzindawu ndi chinyontho cha m'nyanja. Chikopa chimalefuka, mawu n'kugonthera, ndiye amachiwambako pambaula ya makala mpaka chikungike. Akachiyandikizitsa kumoto chimang'ambika. Anyamata a maalem amagwira qraqeb, zitsulo ziwiri m'dzanja lililonse, ndipo eni ake amati kulira kwake kumakumbutsa maunyolo. M'chipinda chotseka zimagonthetsa m'khutu, osanama.

Lila ili ndi dongosolo lake, salumphitsa. Amayamba ndi kuguba mumsewu ndi ng'oma zazikulu za tbel. Kenako pamabwera chigawo cha Ouled Bambara, chomwe alendo amachiyesa chongotenthetsera thupi chifukwa cha kudumpha ndi kuseka kwa ovina. Komatu mbiri yagona pomwepa. Amatchula Abambara, Ahausa ndi Afulani, amaimba za kugwidwa, kugulitsidwa ndi kulekanitsidwa ndi abale, ndipo pakati pa Chiarabu mumatuluka mawu akale amene ngakhale oimbawo sawamvetsa onse, koma sawataya.

Pakati pa usiku amaitana mizimu yotchedwa mluk, gulu ndi gulu, lililonse ndi mtundu wake mwa mitundu 7 ya nsalu, lubani wake ndi nyimbo zake. Munthu akagwidwa, mayi woyang'anira mwambo, moqadma, amamufunditsa nsalu yoyenera n'kumufukizira lubani, maalem osaleka kuimba kufikira wovinayo atagwa.

Lila ilibe tikiti, mumachita kuitanidwa, choncho funsani mwaulemu kwa opanga zida zoimbira mu medina, chigawo chakale cha mzindawu. Zambiri zimachitika mwezi wa Shaaban, womwe umatsogolera Ramadan, chifukwa mu Ramadan amapumula. Vulani nsapato pakhomo, musajambule wogwidwa mizimu, ndipo tengani madirham (ndalama za ku Morocco) ang'onoang'ono opereka kwa oimba. Juzi musaiwale, mphepo ya mbandakucha kumeneko imalowa m'mafupa.