Datsun ya agogo ndi silinda nambala 3

Sabata ino ndi yachisanu ndili pa atachimenti pa galaja ina ku Ndirande kuno, nde ndati ndilembe zomwe zachitika Lachiwiri ndi Lachitatu ndisanaiwale, chifukwa zinthu zomwe ndakhala ndikuloweza ku koleji pofuna kukhoza mayeso ndaziona ndi maso, ndazigwiranso ndi manja angawa.

Lachiwiri m'mawa kunabwera agogo ena, aphunzitsi opuma pantchito, ndi Datsun 120Y yawo yoyera yosamalika bwino kwabasi, mipando yake anaiyala nsalu zoluka pamanja. Galimoto zimenezi anayamba kupanga mu 1973, ku Japan zinkatchedwa Sunny, injini yake ndi A12, masilinda 4, 1171cc, ya kabureta ndi distributor ya mapoyinti, kompyuta mulibe. Dandaulo la agogowo linali loti galimoto ikaima pamphambano ikunjenjemera ngati munthu wamalungo, pachitunda ikufooka, komanso petulo ikumwa kuposa kale. Akuti ikathamanga pamsewu wabwino sizimveka kwenikweni.

Ku sukulu tinazolowera ma Vitz ndi ma Sienta, umangolumikiza kamakina pansi pa chiwongolero, kakulembera P0303 ndipo umadziwiratu kuti silinda yachitatu ikumisa, kutanthauza kuti sikuphulitsa petulo bwino. Apa nditatsegula boneti ndinasowa poyambira, zoona. Maganizo anga anathamangira ku kabureta poti ndi chinthu chomwe aliyense amachinena galimoto yakale ikavuta, moti ndinali nditaika kale sikuludiraiva pa kasikulu ka mixture pomwe madala, eni galaja, anandigwira dzanja.

"Wadziwa bwanji kuti ndi kabureta?"

Ndinalibe yankho. Iwo anati, "Kabureta ndi imodzi mwana wanga, imadyetsa masilinda onse anayi. Ikadwala amadwala onse. Usanagwire kanthu tamvera kaye injiniyi." Nde ananditengera kumbuyo, tinagwada pa ekizozi, nkundiuza ndiike chikhatho pafupi ndi paipi. Poyamba ndinkangomva kutentha ndi fungo la petulo wosapsa, koma nditadekha ndinayamba kumva kuti mpweya ukumenya katatu kenako kamodzi kakusowa, katatu kenako kakusowa, osaphonya ngati ng'oma yomwe woimba akudumpha dala malo amodzimodzi. Apa mpomwe anandiuza chinthu chomwe sindidzaiwala, kuti misi ilipo ya mitundu iwiri. Ina imabwera mwachisawawa, pano yamisa pano yasiya, imeneyo kayang'ane zinthu zomwe masilinda onse amagawana, monga mapoyinti, kondensa, koyilo, kabureta kapena petulo wa zinyalala. Koma ikamamisa motsatana bwinobwino chonchi ndiye kuti silinda imodzi yagona, ntchito yako ndi kuipeza.

Kuipeza kwake sikunavute. Injini ikulira, ndinatenga pulayala ya mphira kuzigwiriro nkumazula zingwe za mapulagi chimodzichimodzi. Nditazula cha nambala 1 injini inatsika mpaka kufuna kuzima, ndinabwezera. Nambala 2 chimodzimodzi. Nambala 3 ndinazula koma injini osasintha olo pang'ono, inangopitiriza kunjenjemera mmene imanjenjemereramo, kusonyeza kuti silinda imeneyo simagwira ntchito ndi kale. Nambala 4 inatsikanso. Madala anandichenjeza pompo kuti zozula zingwe injini ikulira ndizipangira galimoto za mapoyinti zokhazi, pa zamakonozi utha kuwotcha koyilo kapena module.

Apa ndinasangalala nkuti basi tigule pulagi yatsopano, koma iwo anakana. Silinda kuti iphulitse imafuna zinthu zitatu, moto pa nthawi yake, petulo wosakanikirana bwino ndi mpweya, ndi compression, komwe ndi kufinyidwa kwa mpweyawo ndi pisitoni. Izi ndinalembapo pa mayeso chaka chatha ndipo ndinakhoza, koma sindinaganizepo kuti ndi mndandanda woti uziutsatira ndi sipanala m'manja, kuchotsa chimodzi, kutsala ziwiri, kuchotsanso china.

Tinayamba ndi moto. Chingwe cha nambala 3 nditachiyandikiza ku chitsulo cha injini moto umadumpha wabuluu, wamphamvu, kumveka thethethe. Pulagi yake nditamasula inali yakuda yonyowa pang'ono, pomwe zitatu zinazo zinali zofiirira ngati tiyi wamkaka. Ine ndinaona ngati umboni ndi umenewu, pulagi yafa. Madala anangoti isinthanitse ndi ya nambala 1, ngati vuto ndi pulagi misi isamukira ku 1. Ndinasinthanitsa, kuliza injini, kuzulanso zingwe, misi ili pa 3 pomwepo. Ndiye kuti pulagi ija inada chifukwa silinda simaphulitsa, osati silinda imalephera chifukwa cha pulagi. Kusiyana kwa ziwirizi kwandikhala m'mutu mpaka lero, chifukwa tikanagula mapulagi anayi agogo akanalipira, nkubweranso patatha masiku awiri galimoto ili chimodzimodzi. Tinayesanso chingwe china chabwino, palibe kusintha. Ndinatsegula kapu ya distributor kuyang'ana ming'alu kapena kamzere kakuda konga ka pensulo komwe moto umathawirapo, munali moyera. Zingwe zinali m'malo mwake motsatira 1-3-4-2, mapoyinti tinayeza anali cha pa 0.5mm, ali bwinobwino.

Za petulo sitinachedwepo. Poti kabureta ndi imodzi, njira yoti silinda imodzi yokha isowe chakudya ndi ngati manifold, mapaipi ochoka ku kabureta kupita ku masilinda, ikuyamwa mpweya pa gasiketi pafupi ndi silindayo. Tinapopera carb cleaner mozungulira pamenepo injini ikulira, ikanakhala ikuyamwa kaliridwe kakanasintha, koma ayi ndithu.

Kunatsala chimodzi. Madala anang'amba pepala mu kope langa nkuliika pakamwa pa ekizozi. Pepala limayenera kumangokankhidwa kunja, koma ili limati likakankhidwa kangapo kenako phwa, kukokedwa kumamatira pa paipi, kenako kukankhidwanso. Anandiyang'ana osayankhula, kudikira kuti ndinene ndekha. Ndinaganiza kaye nkuti, ngati ekizozi ikukoka ndiye kuti pisitoni ikamatsika ikuyamwa kudzera ku valavu ya ekizozi, kutanthauza kuti valavuyo sikutseka. Anagwedeza mutu nkuti katenge geji ya compression titsimikize, pepala si umboni wokwanira kumasulira injini ya munthu.

Tinachotsa mapulagi onse, kuzula chingwe cha koyilo, agogo anakhala pampando kuponda moto mpaka pansi nkumapukusa sitata. Nambala 1 inapereka 160 psi, nambala 2 155, nambala 3 90 yokha, nambala 4 160. Kenako tinathira oyilo pang'ono, ngati kasupuni ka tiyi, pabowo la pulagi ya nambala 3 nkuyezanso. Maring'i a pisitoni akakhala otha oyilo uja amatseka mipata kwa kanthawi ndipo singano imakwera kwambiri, koma apa inangosuntha pang'ono chabe. Hedi gasiketi tinaikayikira pang'ono koma masilinda oyandikana nawo anali bwino, mu radiyeta munalibe thovu, pa chitsekero cha oyilo panalibe zoyera zonga mkaka zija. Zonse zimaloza ku valavu. Nthawi inali itatha, agogo anasiya galimoto nkukwera minibasi.

Usiku umenewo ndinatsegula manotsi anga a four stroke cycle, ndipo kwa nthawi yoyamba zojambula zija zimaoneka ngati chinthu chenicheni, ndimaona pisitoni ya nambala 3 ikukwera kufinya mpweya uku mpweyawo ukuthawira pa kampata kochepa ngati tsitsi.

Lachitatu tinaliza injini mpaka itatentha, kuzimitsa, nkumasula rocker cover. Injini ya A12 camshaft yake ili pansi mu block, mavalavu amakankhidwa ndi ma pushrod kudzera pa ma rocker, ndipo pakati pa rocker ndi mutu wa valavu pamayenera kukhala kampata, 0.35mm injini ili yotentha, ikakhala yozizira ndi 0.25mm. Apa ndinadabwa chifukwa ine ndinkadziwa kuti chitsulo chikatentha chimafufuma ndiye mpata uyenera kuchepa, koma madala anandifotokozera kuti hedi ya injiniyi ndi ya aluminiyamu, imafufuma kuposa zitsulo za ma pushrod ndi mavalavu, nde ikatentha imanyamula ma rocker m'mwamba pang'ono mpata nkukula. Zimenezi m'kalasi sitinazikambepo, kapena zinakambidwa ine osazigwira.

Tinazungulitsa injini ndi sipanala pa pulley mpaka pisitoni ya nambala 1 itafika pamwamba pa compression. Pamenepo umatha kuyeza mavalavu 1, 2, 3 ndi 5 kuwerenga kuchokera kutsogolo, ukazungulitsanso kamodzi umayeza 4, 6, 7 ndi 8. Valavu 1, 2 ndi 3 feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, imalowa, mwina mothina pang'ono koma imalowa. Nditafika pa 5, yomwe ndi ya ekizozi ya silinda nambala 3, ya 0.35 inakana, ndinatsika ku 0.20 inakana, mpaka kopyapyala kwambiri ka 0.05 osalowa. Madala anati gwira pushrod uipotokole ndi zala. Zinazo zimazungulira mosavuta, iyi inali gwa, yopanikizika. Ndiye kuti valavu ija imakhala yotsekuka pang'ono nthawi zonse olo pomwe imayenera kukhala itatseka.

Chomwe chimachitika nchoti valavu ikamamenya pa mpando wake zaka ndi zaka imadya malowo nkumalowa m'kati mwa hedi, mutu wake kumtunda nkumakwera, kampata kaja nkumatha pang'onopang'ono. Ndipo choopsa chake nchoti sizipanga phokoso. Mpata ukakula injini imalira tetete aliyense amamva nkuthamangira ku galaja, koma ukatha injini imakhala ziii mwini wake nkumasangalala kuti ili bwino. Madala akuti valavu yolongolola siwaopsa iwo, amaopa yachete. Valavu ya ekizozi imazizira makamaka ikakhala pa mpando wake nkupatsira kutentha ku hedi, nde ikapanda kukhala bwino moto umadutsa m'mbali mwake mpaka kuidya. Pa injini imeneyi mavalavu a ekizozi a nambala 2 ndi 3 ali moyandikana pakati penipeni, malo otentha kwambiri. Izi zinandifotokozeranso chifukwa chomwe agogo samamva vuto akathamanga, injini ikamazungulira mwachangu mpweya umasowa nthawi yothawira pa kampata kaja, koma ikaima pa idle umathawa wambiri.

Anandipatsa ine kuti ndichune. Kumasula loko nati, kubweza kasikulu mpaka feeler gauge ilowe ikukoka pang'ono ngati mpeni podula sopo, kenako kumanga nati uku utagwira kasikuluko kuti kasasunthe. Koyamba nditamanga mpata unathinanso chifukwa kasikulu kanazungulira limodzi ndi nati, ndinabwereza katatu kuti zikhale. Madala sanandilande sipanala, anangoima pambali manja kumbuyo mpaka nditamaliza onse 8, kenako anadutsamo okha ndi geji kutsimikiza, awiri anandibwezera kuti ndikonzenso.

Compression ya nambala 3 inakwera kufika 140. Sinafanane ndi anzake, kusonyeza kuti valavu ija yayamba kale kupsa pang'ono, koma titaliza injini kunjenjemera kuja kunatha, pepala pa ekizozi limangouluzika osakokedwanso, ndipo nditazula chingwe cha nambala 3 injini inatsika ngati mmene zimachitira zinzake. Mtima wanga unachita kuti myaa, sindinama. Kabureta ija sitinaikhudze kupatula kutsitsa idle pang'ono, poti munthu wina anaikweza kale pofuna kubisa kunjenjemerako.

Agogo atabwera madala anawauza zoona zokhazokha, kuti galimoto yachira koma valavu imodzi yavulala, ayende nayo mwezi umodzi abwerenso tidzayeze, mpata ukadzapezeka wathinanso kapena compression yatsika ndiye hedi iyenera kutsika tikapere mavalavu ndi grinding paste kapena kusintha yopsayo. Agogo anada nkhawa ndi za masipeyala poti galimoto ndi yakale, koma anawalimbitsa mtima kuti bakkie ya Nissan 1400, yomwe ku South Africa anapanga mpaka 2008, injini yake A14 ndi ya banja lomweli, nde zinthu zina zimagwirizana ndipo zimapezekabe.

Chomwe ndakhala ndikuganiza kuyambira tsiku limenelo ndi P0303 ija. Kamakina kakanatiuza zomwe tinapeza ndi pulayala m'mphindi ziwiri zoyambirira, kuti ndi silinda nambala 3, basi nkuthera pomwepo. Zoti ndi pulagi, koyilo, injector kapena valavu sikanena, ndipo ndikakumbukira mmene timachitira pa practical, tikangoona code timathamangira kusintha koyilo osayeza compression olo kamodzi. Ndikabwerera ku koleji ndikufuna ndikapemphe aphunzitsi kuti pa injini yophunzirira ija tidzathinitse dala valavu imodzi anzanga adzaisake okha.

Manambala onse ndalemba m'kope, tsamba loyandikana ndi lomwe madala anang'amba lija, 160, 155, 140, 160, ndi mipata ya mavalavu onse 8. Agogo akubwera kumayambiriro kwa mwezi wamawa ndisanamalize atachimenti, ndipo madala anena kuti feeler gauge idzakhala m'manja mwanga.