Mfiti za ku Japan zinanditsitsa pa Namadzi

Msuweni wanga anabwera ndi kabuku ka manga kuchokera ku Johannesburg, nthano zojambula za ku Japan zija, zakuda ndi zoyera basi. Munali atsikana awiri, mfiti zolembedwa ntchito yoteteza anthu wamba ku zinjoka zamapiko. Anthu akupita kuntchito osadziwa kanthu, kumwamba atsikanawo ali pa nkhondo. Kanandikoka mtima moti ndinakwera nako minibasi ya ku Zomba pa Limbe.

Tili cha ku Njuli, msuweni uja anaimba foni. Ine mawu anga ndi a pamsika, sindidziwa kunong'ona.

"Aise, mfiti zako zija ndazikonda! Zimagwira ntchito bwino zedi. Usiku uno ndithana nazo, mawa undipatse zina."

M'minibasi munangoti zii. Mayi amene tinapanikizana nawo anachotsa mwana pa mwendo wa mbali yanga n'kumuika kwinako. Malo, amene kondakitala ankalumbira kuti kulibe, anapezeka ambirimbiri.

"Achimwene, mwati chiyani?" anafunsa bambo wina wa jekete kumbuyo.

Ndinaseka, ndikuti ndi buku chabe, onani. Apa ndiye ndinadzithira mafuta ndekha. Manga amayambira kumene ife timati kumapeto kwa buku, ndipo tsamba limawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nditatsegula, mayi aja anakuwa: "Taonani, akuwerenga chobwerera!"

Ndinayesa kufotokoza kuti ku Japan amawerenga choncho, komanso kuti mfitizi ndi zabwino, zimapulumutsa anthu. Bambo aja anapukusa mutu. "Mfiti yabwino? Ndiye mukuziikira kumbuyo?" Tsoka lake, tsamba limene linatseguka linali la chinjoka chitayasamula kukamwa. Agogo ena pakona anayamba nyimbo ya kutchalitchi, anthu n'kuvomera bwinobwino, ndi mabesi omwe.

Pa Namadzi dalaivala anaima popanda wonena kuti atsika. Kondakitala anatsegula chitseko n'kundiyang'ana mwaulemu umene sindinauonepo pa kondakitala aliyense.

"Bwana, tsikani bwino."

Ndinatulutsa ndalama. Anabweza manja kumbuyo. "Ayi, sungani. Ndalama zanuzo zingakoke zanga zonse."

Ndinaima padzuwa kudikira ina, kabuku nditakabisa m'malaya. Msuweni anaimbanso kufunsa ngati ndafika pamene chinjoka chimafa. Ndinayang'ana uku ndi uku, pali amayi ogulitsa nthochi, ndipo ndinamuyankha kuti walakwitsa nambala.