Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chaka Chomwe Insulini Inkagona mu Mtsuko

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinali kamtsikana ka sukulu, amayi akundibaya okha m'mawa ndisanavale yunifolomu. Tsopano ndilumpha zaka zingapo kuti ndifike mu 2019. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka 22, ndipo shuga wanga anali atachoka m'manja mwa amayi n'kukhala katundu wanga ndekha.

Anthu akamva kuti ndimadzibaya tsiku ndi tsiku amakwinya nkhope, kumvera chisoni khungu langa. Singano ndinaizolowera kalekale. Kwa ife achinyamata a shuga wa mtundu woyamba, amene thupi lathu linasiyiratu kupanga insulini, tsiku limakoma kapena kuipa malinga ndi zomwe zazungulira singanoyo. Mu 2019 zinthu zimenezo zinagwedezeka pamodzi, ndipo choyamba chinali magetsi.

Madzi a ku damu la Kariba, komwe amapanga magetsi, anali atatsika ndi chilala, ndiye kuyambira mwezi wa Meyi magetsi anayamba kuzima mpaka maola 18 pa tsiku. Kwathu ku Mabvuku, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, ankayaka usiku anthu titagona, n'kuthimanso mbandakucha. Insulini yosatsegula imafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, koma isaundane. Botolo lomwe wayamba kutungamo limapirira pafupifupi mwezi kunja kwa firiji, bola pamalopo pasatenthe kwambiri. Nanga m'nyumba zathu za kulokeshoni mu Okutobala, pamene ngakhale khoma limatentha ukaligwira?

Anatipulumutsa ndi agogo aakazi, amene anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya kutsatira agogo aamuna ku Salisbury, komwe lero timati Harare. Atandiona ndikutsegula firiji yofunda ija kachitatu, anandiitana.

"Iwe mdzukulu, kodi kumudzi madzi akumwa tinkaziziritsa ndi magetsi?"

Mawa lake anatuma amayi ku Mbare Musika kukagula mitsuko iwiri ya dothi, wina waukulu wina waung'ono. Waung'onowo anaulowetsa mwa waukulu, mpata wapakati n'kudzazamo mchenga wosefa. Mchengawo ankauthira madzi m'mawa ndi madzulo, pamwamba n'kuvundikira ndi kansalu konyowa, ndipo mtsuko unkakhala kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo, podutsa kamphepo. Botolo langa ndinkaliika m'kachitini ka pulasitiki kuti pepala la dzina ndi deti lisafufutike. Madzi akamauma podutsa m'dothi amapita ndi kutentha, ndiye mkatimo mumazizira bwino ndithu, ngakhale simufika pa firiji. Nesi wa ku kiliniki nditamuuza anavomereza kuti ndi njira yodziwika kumadera opanda magetsi. Chovuta chinali madzi enieniwo, poti mipopi ya ku Mabvuku inauma kalekale ndipo tinkakhala pamzere ku mjigo. Agogo anaika lamulo: ndowa ikafika pakhomo, kapu yoyamba ndi ya mtsuko, tiyi abwere pambuyo. M'mawa uliwonse ndinkagubuduza botolo m'manja n'kuliyang'ana pawindo. Insulini yosakaniza ngati yangayo, ya gawo lofulumira ndi gawo lochedwa, imayenera kuoneka yamkaka mofanana monse. Ikachita timibulu kapena kumatirira m'galasi ndiye kuti yafa, ngakhale botolo likhale lodzaza.

Ndalama ndiye zinandiondetsa kuposa shuga. Malipiro anga ankabwera m'ndalama za dziko lino, zomwe chaka chimenecho zinkatha mphamvu sabata ndi sabata. Pofika Disembala mitengo inali itakwera kuposa kasanu poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Ogulitsa mankhwala ambiri ankafuna madola a ku America, kapena mtengo wolingana nawo wa tsikulo. Mu Juni boma linaletsa kugula ndi kugulitsa m'ndalama zakunja, koma mankhwala ochokera kunja sanatsike mtengo chifukwa cha zimenezo. Insulini ndinkaipeza mwanjira ina iliyonse, nthawi zina amalume a ku Johannesburg ankaitumiza pa basi itakulungidwa m'fulasiki. Chomwe chinkasowa ndi timapepala tolowetsa m'kamakina koyezera shuga m'magazi. Kamakina ndinali nako, koma kamakina kopanda timapepala n'kachabe. Madokotala amafuna tiziyeza kangapo pa tsiku, ine ndinkasunga kapepala kudikira tsiku lomwe thupi landisokoneza. Masiku enawo ndinkangoyenda mongoganizira: kodi mutu ukupwetekawu ndi shuga wokwera, wotsika, kapena ndi dzuwa chabe? Munthu amatopa ndi kufunsa thupi lake mafunso otere kuyambira m'mawa mpaka pogona, ndipo kutopa kumeneko sikuoneka pa chipepala cha kuchipatala.

Pamzere wa ku kiliniki ndinkakumana ndi mnyamata wina wa ku Tafara, makolo ake ochokera ku Ntcheu, amene ankagwira maganyu omanga. Tinkacheza m'Chichewa chathu chosakaniza ndi Chishona. Mwezi wina sanabwere. Nditafunsa mlongo wake, anandiuza kuti ankachepetsa mlingo wa jakisoni kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi. Anayamba ludzu losatha, kenako kusanza, kenako kupuma mozama mothamanga, mpweya wa m'kamwa ukununkha zipatso zoola. Thupi likasowa insulini limayamba kuwotcha mafuta ake, magazi n'kudzaza asidi, ndipo zimenezi zimapha m'masiku owerengeka. Zinamuchitikira m'miyezi ija madokotala a m'zipatala za boma ananyanyala ntchito kuyambira Seputembala. Abale ake anagulitsa wailesi yakanema ndi njinga kuti agonekedwe kwina, ndipo anachira. Ine sindimuweruza ngakhale pang'ono. Munthu amene ali ndi botolo limodzi ndi masabata asanu patsogolo pake sachita zimenezo chifukwa cha umbuli.

Nkhani yake inandipweteka kwambiri nditawerenga mbiri ya mankhwalawa. Insulini anaitulukira ku Toronto mu 1921, ndipo mu Januwale 1922 anabaya nayo munthu woyamba, Leonard Thompson, mnyamata wa msinkhu womwe ine anandipezera shuga. Frederick Banting ndi anzake anagulitsa umwini wa mankhwalawa ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti odwala asamanidwe. Patapita zaka pafupifupi 100, mwana wa ku Tafara n'kumawerenga madontho. Atatuluka m'chipatala tinatsegula kagulu pa WhatsApp, ife a shuga a kuno kummawa kwa tauni, kouzana komwe insulini yapezeka ndi mtengo wake, ndi kubwerekana botolo wina akapanikizika. Kagulu kameneko kalipo mpaka lero.

Ntchito ndinkagwira m'sitolo ya nsalu kumunsi kwa tauni. Polembedwa sindinatchule za shuga, poti atsikana ofuna malo amenewo anali ambiri ndipo wodwala ndiye amayamba kuchotsedwa pamndandanda. Insulini yanga inali yosakaniza, yobaya kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Mtundu umenewu sudziwa kuti m'sitolo mwadzaza makasitomala. Ukabaya m'mawa, gawo lake lochedwa limagwira ntchito mwamphamvu masana, udye usadye. Loweruka lina la kumapeto kwa mwezi nthawi ya nkhomaliro inadutsa ndili chiimire. Ndikuyeza chitenje cha mayi wina, manambala a pa tepi anayamba kusambira. Thukuta lozizira linatsika kumsana, milomo inachita dzanzi, lumo n'kugwa pansi. Ndinkamva mawu anga akutuluka mokoka koma osatha kuwawongola. Mayi uja anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti mtsikanayu waledzera masanasana.

Mnzanga wa pantchito, mayi wachikulire wa Chishona amene mwamuna wake anali wa shuga, ndiye anazindikira. Anandikhazika pa mpukutu wa nsalu, anasungunula chakumwa chotsekemera cha Mazoe chambiri m'kapu, n'kundigwirira kapuyo pakamwa mpaka nditamaliza. Patapita mphindi zingapo maso anatseguka, anandipatsa buledi. Sanandifunse chifukwa chomwe ndinabisira. Kuyambira tsiku limenelo, 1 koloko ikakwana ankangobwera pa kauntala yanga n'kunena kuti, "Mwana wanga, pita ukadye, ndiimirira ine." Shuga akatsika pansi pa 4 pa kamakina koyezera, munthu amafuna chotsekemera msangamsanga, ndipo nthawi zambiri mwiniwake ndi amene amachedwa kuzindikira. N'chifukwa chake ndimati munthu mmodzi wodziwa pamalo pomwe umakhala tsiku lonse amasintha zambiri kuposa malangizo onse olembedwa pakhoma la kiliniki. Mantha omwe ndinkakwera nawo kombi m'mawa uliwonse anachepa chifukwa cha mayi ameneyu.

Za chakudya sindichulukitsa. Nsima ndimadya, ya mgaiwa, yoyeza ndi nkhonya yanga, masamba ambiri. Zimavuta pamaliro ndi pazochitika za kumpingo, pomwe chakudya chimabwera nthawi yomwe chapsera ndipo kukana mtanda wachiwiri kumaoneka ngati mwano. Azakhali ena ankabwera ndi mizu ndi madzi opempherera, akuti ndisiye jakisoni ndione mphamvu ya Mulungu. Amayi ankawalandira mwaulemu, madzi n'kulandira, koma pa jakisoni ankayankha mawu amodzi: "Alamu, pempherani ndithu, koma mwanayu abaya."

Chaka chomwecho ndinali pachibwenzi ndi mnyamata wa kwaya ya ku CCAP kwathu. Iye ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi, ndipo m'thumba la jekete lake simunkasowa maswiti. Nkhani inavuta itafika kwa amayi ake. Sanandinyoze, anali munthu waulemu, koma tsiku lina tikutsuka mbale pambuyo pa mapemphero a amayi anandifunsa motsitsa mawu.

"Mwanawe, usandimve molakwa. Kodi ndi matenda akowa, udzatha kutibalira?"

Ndinayankha kuti, "Amayi, madokotala amati n'zotheka," koma m'khosi munali mutauma. Usiku umenewo ndinalira kwambiri, chifukwa funso limeneli linali kale mumtima mwanga ndisanalimve kwa iwo. Zoona zake n'zakuti azimayi a shuga wa mtundu woyamba amabereka ana athanzi, koma mimba imafuna kukonzekera: shuga akhale wokhazikika miyezi ingapo usanaime, muyezo wa HbA1c, womwe umaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi itatu, utsike mpaka pomwe adokotala akhutira, ndipo uziyeza kangapo tsiku lililonse mpaka kuchira. Zonsezo zimafuna timapepala tomwe tija ndinkasowa.

Bwenzi langalo atamva, sanakangane ndi amayi ake. Anawapempha kuti atiperekeze ku kiliniki tsiku langa loonana ndi adokotala, akafunse okha chilichonse chomwe chikuwavuta. Anavomera, ndipo anafika atavala chitenje chatsopano, mafunso atalemba kuseri kwa envelopu. Anafunsa ngati shuga amapatsirana pogona m'nyumba imodzi, adokotala anati ayi. Anafunsa ngati mwana adzabadwa nawo, adokotala anati mwayi wake ulipo koma ndi wochepa, ana ambiri a azimayi onga ine sakhala nawo. Anafunsanso choti achite ndikakomoka, ndipo anawauza kuti munthu wokomoka samumwetsa kanthu, amamugoneka cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Zimenezo anazilemba pa envelopu paja. Potuluka anandigulira mtedza wokazinga pageti, ndipo tili mu kombi anauza mwana wawo kuti ayambe kulankhula ndi amalume ake za ankhoswe. Momwe zokambiranazo zinayendera, ndi zomwe agogo ananena atamva kuti a kuchimuna akufuna kutsata mwambo wa malowolo wa kuno, ndidzafotokoza m'gawo 10.