Mmene mwana wa kunyanja ndinachitira manyazi pa Zoo Lake

Ndinabadwira ku Nkhotakota, ndipo pa zaka zonse zimene ndakhala ku Johannesburg mfundo imeneyi ndakhala ndikuyenda nayo ngati satifiketi. Anzanga akamakamba za chambo ndimawadula pakamwa, ndipo wina akatchula mwera ndimapukusa mutu ngati munthu amene anapulumukapo kangapo. Chimene sindinkanena n'chakuti bambo anga anali mphunzitsi, nyumba yathu inali kumtunda, ndipo mayi ankatikwapula akangotiona ndi mchenga wa kunyanja kumapazi. Bwato ndinakwerapo kawiri kokha, maulendo onsewo nditakhala pakati, nditagwira m'mbali ndi manja awiri.

Apongozi anga aakazi, omwe kwawo ndi kumapiri a ku Dedza, anabwera pa basi kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge kudzaona mdzukulu wawo, ndipo atapumula sabata imodzi, akazi anga anati tikawaonetse Zoo Lake pa 24 September, tsiku la tchuthi limene dziko lonse la South Africa limanunkhira nyama yowotcha.

Johannesburg ndi mzinda umene unamangidwa chifukwa cha golide, osati chifukwa cha madzi, kotero ulibe nyanja kapena mtsinje waukulu, ndipo anthu ake akafuna kuona madzi ambiri pamodzi popanda kutuluka mumzinda, ambiri amathamangira kumeneku. Malowa ali m'mbali mwa msewu wa Jan Smuts, moyang'anizana ndi kosungirako nyama zakutchire. Anaperekedwa kwa mzinda mu 1904 ndi kampani ya eni migodi pokumbukira mnzawo Hermann Eckstein, ndipo operekawo anaika lamulo lakuti pakhale potseguka kwa anthu a mitundu yonse. Lamulolo linagwirabe ntchito ngakhale m'zaka za tsankho, pamene malo ambiri osangalalira anali oletsedwa kwa munthu wakuda. Mpaka lero, pa kapinga yemweyo mumapeza mayi wogwira ntchito za m'nyumba ku Parkview atatambalala pafupi ndi banja la Amwenye limene layala mapoto ake, azungu akuthamanga ndi agalu awo, anyamata akusewera mpira, akwati akujambulitsa, ndipo mukatchera khutu bwino simulephera kumva Chichewa kapena Chiyao pansi pa mtengo wina.

Titafika, apongozi anaima n'kuyamikira kuti madziwo ndi ambiri. Apa mpamene ndinayenera kutseka pakamwa, koma ndinaseka n'kunena kuti kwathu chinthu chotere timachitcha thamanda, ndipo ana amachiwoloka popita kusukulu. Ndinawonjeza kuti nyanja yokumbidwa ndi anthu, imene munthu angaizungulire wapansi asanamve ludzu, siyenera kutchedwa nyanja pamaso pa munthu wa ku Nkhotakota.

"Ndiye mwayi wathu, apongozi," anatero iwo modekha, akuloza maboti obwereketsa amene anandanda m'mphepete. "Ine chibadwire sindinakwerepo. Lero mutikweze, poti tili ndi mwini nyanja."

Akazi anga, amene amadziwa mbiri yanga yonse, anayang'ana kumbali osanena kanthu, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti anachita dala. Mwana tinamusiya ndi alamu anga pa mkeka, ndinalipira, ndipo atatufe tinalowa m'boti.

Vuto loyamba silinali la madzi, koma la mwambo. Boti la mtundu umenewu lili ndi nkhafi ziwiri zokolekedwa m'zitsulo, ndipo wopalasa amakhala chofulatira kumene akupita, nkhope yake italunjika kwa amene wakhala kumbuyo. Amene anakhala kumbuyoko anali apongozi. Ine amene kumudzi ndimapatuka m'njira ndikawaona akubwera, ndinapezeka ndili nawo maso ndi maso, mawondo athu atatsala pang'ono kugundana, ndipo nthawi iliyonse imene ndinkakoka nkhafi ndinkachita kuwerama ngati ndikufuna kuwanong'oneza chinsinsi. Pofuna kusunga ulemu, komanso pobisa kuti nkhafizo zinkangomenya mphepo, ndinalengeza kuti kapalasidwe kameneka ndi ka anthu osadziwa madzi. Ndinatembenuka, ndinazula nkhafi imodzi m'chitsulo chake, n'kuyamba kupalasa mbali imodzi monga ndinkaonera asodzi akwathu.

Asodzi akwathu ali ndi kachinsinsi kena kopotoza nkhafi kamene sindinakaphunzire ndili pakati pa bwato. Boti linayamba kuzungulira. Tinaona malo obwereketsa maboti, kenako chilumba cha mbalame, kenako mitengo, kenako malo obwereketsa maboti aja kachiwiri. Titawaona kachitatu, apongozi anafunsa mwaulemu ngati malowo alipo angapo ofanana.

Pakati pa nyanjayi pali kasupe wothuvula madzi m'mwamba, amene anamangidwa mu 1937 pokondwerera kulongedwa ufumu kwa George VI wa ku Britain. Ali patali amakongola kwambiri. Kamphepo kanatikankhira kufupi naye pang'onopang'ono, ndipo ngakhale ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse, zimene ndinakwanitsa n'zakuti tinalowa m'mawazawo chozungulira, kotero aliyense ananyowa mbali zonse mofanana. Duku latsopano la apongozi, limene ndinawagulira ine ndemwe ku Small Street, linamata pamutu ngati tsamba la nthochi.

Titachoka pamenepo tinakatsakamira pafupi ndi chilumba, pomwe tsekwe wina anali ndi ana ake. Atsekwe a pamalopa anazolowera anthu moti saopa munthu, ndipo ameneyu anabwera khosi lili tambalale, akufwenthera ngati njoka. Ndinadzuka kuti nditeteze banja, zimene munthu aliyense wodziwa madzi sachita m'boti laling'ono. Nkhafi inapulumuka m'manja, ndinaitsatira ndi dzanja, ndipo thupi lonse linatsatira dzanjalo.

Ndiyenera kuvomereza kuti ndinakuwa, ndipo ndinakuwa m'Chichewa, kuitana mayi anga amene ali ku Nkhotakota. Ndinaphiriphitha, ndinamwa madzi obiriwira amene abakha akhala akuchitiramo zawo kwa zaka zoposa 100, ndipo ndinali nditayamba kulapa machimo pamene ndinamva mawu a akazi anga akuti, "Bambo, taimirirani." Ndinaimirira. Madzi analekeza m'chiuno.

Kumtunda anthu anali atasiya nyama pamoto. Ena ankaimba m'manja, ena ankajambula ndi mafoni, ndipo bambo wina amene sindikumudziwa, koma amene kalankhulidwe kake kanali ka ku Mangochi, anafuula kuti, "Achimwene, kwanu n'kuti?" Sindinayankhe. Nditayesa kukweranso, boti linapendekeka moti akazi anga anandiletsa, ndipo nsapato yanga yakumanzere inatsala m'matope, kumene ili mpaka lero.

Apongozi sanaseke ngakhale pang'ono. Anamanga chitenje chawo bwinobwino, anasamukira pa mpando wapakati, anandiuza kuti ndiwapatsire nkhafi ija, n'kuibwezera m'chitsulo chake. Anayesa kawiri, kachitatu boti linawongoka, ndipo anayamba kupalasa molunjika kumtunda, ine ndikukokedwa pambuyo nditagwira m'mphepete ngati mbuzi yopita kumsika. Mnyamata wobwereketsa maboti atawafunsa kudzera mwa akazi anga kumene anaphunzira, iwo anati sanaphunzire kulikonse, koma munthu amene wavundulapo nsima ya pamaliro mumphika waukulu sangavutike ndi timitengo tiwiri.

Ndinakhala pa mkeka masana onse nditafunda chitenje cha apongozi omwewo, buluku langa litayanikidwa pa chitsamba, pamene alamu anga ankandipatsa nyama mosandiyang'ana kumaso, mapewa awo akugwedezeka. Pobwerera, woyendetsa takisi anandiyang'ana kuphazi n'kundiuza kuti ndikhale pa pepala la pulasitiki.

Apongozi anabwerera ku Dedza patatha mwezi, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo pamaso panga ngakhale kamodzi. Koma mu December tinalandira katundu wochokera kumudzi kudzera kwa munthu wa basi: ufa, nyemba, mbatata ya kachewere, ndi kathumba ka usipa wouma kamene anakamanga padera. Pa kathumbako panali kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo kuti, "Aka n'ka asodzi athu."