Zitini za mkulu wa mpingo

Sukulu ya pulayimale yomwe amaphunzira mtsikana wanga kuno kummwera kwa Johannesburg inafika potopa nazo zinyalala. Kunja kwa mpanda kumakhala amayi ogulitsa tchipisi, maswiti apakamtengo ndi mafilizesi, ndipo mwana akamaliza kudya amangotambasula dzanja, pepala lidzionere lokha kolowera. Ikafika Ogasiti, chimphepo cha kuno chija chimatola zonsezo n'kuzikoleka pawaya. Mvula yamabingu ikayamba, mapepala omwewo amatseka ngalande, madzi n'kukalowa m'kalasi ya tiana ta Giredi 1.

Kenako kunabwera ahedi atsopano, mayi wachiZulu amene saseka ndi zachibwana. Anaika mabini osiyana, la mapepala, la mapulasitiki ndi la zitini. M'kalasi iliyonse anasankhamo ana awiri oyang'anira ukhondo, n'kuwapatsa wezulo ndi kabuku. Wogwidwa akutaya chinthu chimodzi azitola khumi. Pamwamba pa izo analengeza mpikisano wa recycling, wotolera zinyalala zoti zikakonzedwenso: kalasi yomwe ipate mapoyinti ambiri ipita ku Johannesburg Zoo ulere. Mapoyintiwo ankatsata mtengo wa katundu kwa ogula, ndiye zitini za aluminiyamu ndi zomwe zinali pamwamba, makatoni kumunsi kwenikweni.

Wezulo wina anagwera mwana wanga wa Giredi 4. Mtendere kunyumba unathera pomwepo.

Botolo lililonse ankalitembenuza kuti aone nambala yomwe ili m'kachizindikiro ka ngodya zitatu. Likakhala 1, la zakumwa, apa. Likakhala 2, la mkaka, apo. Chitini ankachiyesa ndi maginito a pafiriji. Akamata ndiye kuti n'chachitsulo, mapoyinti ake ochepa. Mapepala a tchipisi palibe amagula chifukwa pulasitiki ndi chonyezimira chija n'zomatana, choncho aphunzitsi anawauza kuti aziwatsendera m'mabotolo a malita awiri mpaka alimbe gwa, adzamangire benchi. Chotsenderacho chinapezeka kuti ndi mthiko wa mayi ake. Nsima ya tsiku limenelo tinaidya mosayankhulana.

Koma vuto lenileni linali lina. Ahedi aja sankadziwa kuti m'nyumba ya Mmalawi simutuluka chinthu. Mabotolo a malita awiri ndi a thobwa yemwe mayi akunyumba amagulitsa Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Chigubu cha ayisikilimu chimasunga nyemba. Cha majarini chimasunga mchere. Majumbo, omwe kuno timachita kugula patilo, amachapidwa, kuyanikidwa, n'kupindidwa pansi pa matiresi. Ana a eni dziko ankafika kusukulu ndi matumba, wanga ankafika ndi zivindikiro zitatu m'thumba la yunifolomu.

"Adadi, kalasi yathu ndi yomaliza. Anzanga akuti kwathu sitidya."

Mawu amenewo anandilasa. Ine ndimagwira ntchito ya m'dimba kumpoto kwa mzinda uko, ndipo mwana wanga sanagonepo ndi njala. Ndinamuuza kuti asiye kulira, nkhaniyi yafika kwa eni ake.

Ndinayamba ndi mabini a mumsewu mwathu, tsiku lomwe galimoto yotola zinyalala ya Pikitup imadutsa. Ndinadzuka m'bandakucha, koma ndinapeza bini lililonse lafufuzidwa kale mwaukhondo, chivindikiro n'kubwezeredwa. Patsogolo panali bambo wina wa ku Lesotho, chipewa chophimba nkhope, akukoka ngolo yokhala ndi chithumba chachikulu kuposa iye mwini. Timamutchula Ntate, iye amanditchula Malawi, ndipo timamvana m'chiZulu chothyokathyoka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundiuza mwaulemu kuti msewu uno uli ndi mwini, wotsatirawo ulinso ndi mwini, mpaka kukafika ku mtaya wa Robinson Deep. Pamalo amenewo kale panali mgodi wa golide, golide yemwe agogo athu ankadzera pa Wenela. Lero phirilo ndi la zinyalala, ndipo mzinda ukudandaula kuti malo otayira akutha. N'chifukwa chake mu 2018 unalamula kuti m'madera ena anthu azipatula okha zinyalala m'nyumba. Koma ofufuza a bungwe la zasayansi la CSIR anapeza kuti mwa mapepala ndi zopakira zomwe zimakonzedwanso m'dziko muno, 80 mpaka 90 pa 100 zilizonse zimatoledwa ndi anthu ngati Ntate. Kulowerera bini la munthu wotere n'kumulanda nsima pakamwa, ndiye ndinabwerera.

Nzeru inandibwerera ndikudutsa pashabini ya pakona. Kuseri kwake kunali mulu wa zitini, aluminiyamu yekhayekha. Mwini wake, mayi wina wansangala amene aliyense amangomuti Mama, anasangalala kwabasi kuti wapezeka womuchotsera. Panali kanthu kamodzi kokha kovuta. Ine ndine mkulu wa mpingo. Mumpingo mwathu, wa Amalawi okhaokha, womwe timapempherera muholo yabwereka, ndine amene ndimayendera anyamata olowerera ndi mowa wa ku Joni. Pakamwa panga sipanadutsepo choposa thobwa. Choncho ndinapangana ndi Mama kuti ndizibwera usiku, ndizilowera khomo lakuseri, ndipo asauze munthu. Zitinizo ndinkazibisa kuseri kwa galaja ya alandilodi, n'kufunditsa lona.

Tsiku loyeza katundu linali Lachisanu lina mu Seputembala. Makolo tinaitanidwa, khansala anaitanidwa, ndipo ine anandipempha kuti ndidzatsegule mwambo ndi pemphero. Pulani yanga inali yoti ndilawirire, ndikatsitse katundu kuseri kwa makalasi, asakanikirane ndi wa ena, kenako ndikaime kutsogolo ndi Baibulo.

Ntate anandibwereka chithumba. Anati kwa R50 akandiperekera yekha mpaka pageti.

"Abambo, mpatseni munthuyo ndalama yake," anatero mayi akunyumba.

"R50 pa mtunda woti ndimayenda wapansi? Mayi, ine ndinakula ndikuyendetsa ngolo ya ng'ombe ku Ntcheu."

"Ng'ombe zimamva mukazikalipira."

Tinagwirizana R10 yobwerekera ngolo yokha. Ntate anayang'ana suti yanga yakuda, tayi, ndi nsapato zosongoka zomwe ndimavala pa Mgonero. Anandionetsa jombo zake, zomwe kunsi anakhomerako mphira wa tayala, n'kunena kuti buleki ndi ameneyo. Ndinagwedeza mutu. Ndinkaganiza kuti akungonyadira jombo.

Ngolo zimenezi mumaziona m'misewu: kathabwa kapulasitiki, timatayala ting'onoting'ono, ndi chitsulo chokokera. Pamalo athyathyathya zinayenda bwino, kungoti kumanga chithumba kunandidyera nthawi ndipo dzuwa linali litakwera. Titafika pamtsetse wolunjika kusukulu, ngolo inayamba kundiluma zidendene. Ndikafulumira, nayonso ifulumira. Ndikati ndiime, indikankha. Pamenepo ndinakumbukira kuti eni ake akafika potsetsereka amakwerapo, n'kumatsika ali chiimire, mphepo ikuwaomba, mwaulemerero. Ndinadumphirapo.

Mamita oyamba anali okoma, ndisaname. Ndinayamba n'kuimba komwe chamumtima. Kenako mitengo ya m'mbali mwa msewu inayamba kudutsa mothamanga kuposa mmene ndinkafunira. Ndinatsitsa phazi lamanja kuti ndigwire buleki. Soli ya nsapato inangoti phwatu, kutsala m'mbuyo, ine n'kupitirira ndi sokisi. Ndinatsitsa lamanzere, chimodzimodzi. Woyendetsa taxi wina anandiimbira hutala n'kundikwezera chala chachikulu. Ndinadutsa agogo ena pasitolo liwiro la mahatchi a pabwalo la Turffontein, ndikukuwa m'Chichewa kuti "Pewani! Pewani!" m'dziko lomwe palibe amamva mawu amenewo.

Kutsogolo kwa sukulu iliyonse kuno amaika hampu yoti magalimoto azichepetsa liwiro. Imagwira ntchito, ndine mboni. Ngolo inaima pomwepo. Ine ndi chithumba sitinaime.

Geti linali lotsekula chifukwa khansala anali atangolowa. Ana anali atasesa bwalo lonse kuyambira m'mawa, osasiya ngakhale kamtengo ka switi, ndipo anali pamizere, kwaya ikuimba nyimbo ya ukhondo. Chithumba chinatera pakati pa mizere ndi tebulo la alendo n'kung'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Phokoso lake sindingalifotokoze. Zitini zophwanya zinangoti mbwee pabwalo, zosaphwanya n'kuyamba ulendo, zina kulowa pansi pa mipando ya makolo, china kukagunda nsapato ya khansala n'kuima chilembo chikuyang'ana kumwamba. Black Label. Castle. Black Label. Timadzi totsalira m'zitini tonse tinathera pajekete langa, ndipo tinali titagona padzuwa.

Kwaya inasiya. Bwalo lonse zii.

Ndili chigonere, ndinaona zitenje zitatu zomwe ndimazidziwa bwino. Amayi a mumpingo mwathu, nawonso ana awo amaphunzira pomwepo. Wina anagwira pakamwa. Wina anagwira pamutu. Wachitatu anagwira foni.

Kenako wezulo analira. Anali mwana wanga, kabuku m'manja, milomo ikunjenjemera, koma ntchito ndi ntchito.

"Adadi, dzina lanu ndalemba. Chimodzi n'khumi."

Ahedi anandiyandikira, ananunkhiza kamodzi, n'kunena kuti pemphero apereka aphunzitsi a masamu.

Ndinatola zitini ndi sokisi kumapazi, ana a Giredi 4 akundithandiza mosangalala chifukwa anali ataona kale kuti zoo ndi yawo. Sikelo inawerenga makilogalamu 31. Ana anavina. Nkhani ya mowa pasukulu ahedi anaikhululuka, ati aluminiyamu safunsidwa kuti ananyamula chiyani, koma anapempha kuti ulendo wina katundu azibwera wotsuka ndiponso wopanda dalaivala. Ntate, amene anafika akuthamanga kutsata ngolo yake, ahedi anacheza naye nthawi yaitali, ndipo kuyambira pamenepo ndi iye amatenga makatoni ndi mabotolo a pasukulupo. Ine anandilipiritsa R180 ya tayala ndi chithumba. Mayi akunyumba sananene kanthu. Anangoika R50 patebulo, kuiyang'ana, kundiyang'ana, n'kuibweza m'chikwama.

Dzuwa lisanalowe, kanema anali atafika ku Ntcheu. Apongozi anga anatumiza uthenga wamawu pa WhatsApp wa mphindi zisanu ndi ziwiri, wambiri mwa iwo kulira. Ankafunsa ngati ndalama ya feteleza ija inachedwa chifukwa cha zimenezi.

Akulu a mpingo anandiitana. Msungichuma wathu, munthu amene sasochera ndi tambala, anabwera ndi kalukuleta. Anafotokoza kuti pa kilogalamu imodzi pamalowa zitini pafupifupi 70. Anadina, n'kutembenuza kalukuleta kuti aliyense aone: 2,170.

"Achimwene, ife sitikuweruza. Tingofuna tidziwe, munali nokha kapena pali ena mumpingo muno?"

Ndinafotokoza za mpikisano, za mapoyinti, za maginito. Abusa anamvetsera modekha n'kunena kuti nkhani imakhazikika ndi mboni. Ntate anakana, ati Lamulungu ndi tsiku lopatula katundu. Inatsala mboni imodzi.

Mama anabwera atatchena, duku kumutu, ndipo anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri. Mnyamata wina wa kwaya ndi amene ankamasulira. Abusa anamufunsa ngati akundidziwa.

"Akuti akuwadziwa kwambiri. Akuti amabwera usiku, salephera."

"Amalowera kuti?"

"Akuti khomo lakuseri. Akuti anawapempha kuti asauze munthu, makamaka a kutchalitchi."

Mlembi anasiya kulemba. Ndinaimirira kuti ndikonze funso, abusa anandikhazika pansi ndi dzanja.

"Mufunseni ngati amamwa."

Mama anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Akuti ayi, samwa pamenepo. Akuti amangonyamula, kupita nazo kunyumba."

Zinatengera mayi akunyumba kuimirira, chitenje m'chiuno, kuti afotokoze nkhani yonse kuyambira pa mthiko. Anatulutsa ndi nsapato zopanda soli zija m'jumbo monga umboni. Akulu anaseka mpaka msungichuma anavula magalasi. Anandimasula, koma anagwirizana kuti ntchito yoyendera anyamata akumwa ayambe aigwira wina kufikira kanema uja ataiwalika.

Mama anachoka atakhutira kuti tsopano akudziwa kondipeza masana. Lamulungu lotsatira, tili pakati pa chopereka, bakkie, kagalimoto ka bodi kumbuyo, inaima pakhomo la holo. Mnyamata wake anatsitsa matumba atatu, kuwatsamiritsa pachitseko, n'kusuzumira mkati.

"Ali kuti mkulu wa Black Label uja? Mama akuti za Loweruka ndi izi, za lero abwera nazo mawa."