Ndinapitira chambo ku Mangochi, ndinakathera mu labu

Ndinanyamuka ku Zomba Lachisanu m'mawa, thumba la mbatata za mayi wina lili pamiyendo panga. Titadutsa Liwonde ndi Ulongwe kutentha kunayamba kuluma, ndipo pofika pa boma la Mangochi malaya anali atamata kumsana. Ndinatsikira pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, pomwe mlatho wa Bakili Muluzi umayambira kudutsa Shire, n'kukwera kabaza.

Chomwe ndinadzera ndi chambo basi. Koma msuweni wanga, yemwe amagwira ntchito mu labu pachipatala china kumeneko, anali asanaweruke, ndiye anandikhazika pampando pafupi ndi chitseko.

"Asuweni, inu kwanu mumalima chimanga. Ife kuno timalima tizilombo," anatero akutsegula kabokosi kofunda. Mkatimo munali mabotolo angapo a magazi osakaniza ndi madzi ooneka ngati msuzi.

Nkhani yake ili motere. Mwana akatentha thupi, tonse timathamangira kunena kuti ndi malungo, makamaka kunyanja kuno komwe udzudzu sugona. Kachida koyezera malungo kamayankha pa mphindi 15 kapena 20. Nanga kakakana, thupi likadali moto? Nthawi zina vuto ndi mabakiteriya amene alowa m'magazi, monga a typhoid, ndipo amakhala ochepa kwambiri moti pa maikulosikopu suwapeza. Ndiye amawaweta. Magazi amawathira m'botolo la msuzi uja, n'kulisunga pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, kuti tizilomboto tiswane. Ndinamuuza kuti ku Mangochi kabokosiko n'kosafunika, angoika botolo pawindo. Sanaseke.

Iye amayang'ana mabotolo ndi maso m'mawa uliwonse, kuona ngati msuzi wachita mbuu. Koma ataphunzira ntchito ku Blantyre anagwiritsapo makina otchedwa BacT/ALERT, a kampani ya ku France ya bioMérieux, ndipo akamawafotokoza nkhope imawala ngati akukamba za chibwenzi chakale. Pansi pa botolo lililonse pali kachigamba kosintha mtundu. Mabakiteriya akamadya msuziwo amatulutsa mpweya wa carbon dioxide, kachigambako n'kusanduka kachikasu. Makinawo amagwedeza mabotolo okha, amawasuzumira pa mphindi 10 zilizonse usana ndi usiku, ndipo akaona kusintha amalira. Pakatha masiku 5 kuli zii, ndiye kuti simunamere kanthu. Aku America nawo ali ndi awo, BACTEC, a kampani ya Becton Dickinson.

Apa m'pamene anandiuza chimene chinandikhala pamtima. Luso lonselo eni ake analitchinjiriza ndi patenti, chikalata choletsa ena kulikopera, ndipo makina a kampani ina salandira mabotolo a inzake. Tangoganizani mbaula yoti makala ake amagulitsa munthu mmodzi yekha, kutsidya kwa nyanja, pa madola. Wina akhoza kukupatsani makinawo mwaulere, mukaombera m'manja pamwambo wake, koma mabotolo akatha kapena akadutsa tsiku lake, chatsala ndi kabati yodula yoikapo mafailo. Kwa ine mphatso yotere ili ngati kupatsidwa ng'ombe, msipu uli wa mwini wake.

Komabe ntchito ya mabotolowa si yamasewera. Ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Blantyre, akhala akuweta tizilombo ta m'magazi a odwala mosalekeza kuyambira 1998, mogwirizana ndi ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome. Ndi momwe zinadziwikira kuti typhoid inakwera kwambiri mu Blantyre kuyambira 2011, komanso kuti inasiya kumva mankhwala akale monga chloramphenicol ndi bactrim. Katemera wa typhoid amene ana analandira dziko lonse mu 2023 mizu yake ili m'mabotolo ngati amenewa.

Chambo tinachipeza madzulo, chowotcha, ndi nsima yotentha, kamphepo ka mumtsinje kakutipepesa. Tili pakati pa kudya magetsi anathima. Msuweni anasamba m'manja msangamsanga, akuti akaone ngati jenereta yayaka, chifukwa kabokosi kaja kakazizira tizilombo take tisiya kuswana. Anaitana kabaza mumdimamo n'kupita. Mutu wa chambo chake ndinadya ndine.