Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Nyengo ya Rugby ya 2005

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ndinapezera malo a Fomu 5 pa sukulu ina ya boma mumzinda wa Harare, ndi mmene bambo anavutikira kupeza ndalama za yunifolomu. Lero ndikambe za teremu yachiwiri ya chaka cha 2005, pamene ndinali mu Fomu 6 ndipo ndinkasewera mu timu yoyamba ya rugby ya sukuluyo. Owerenga amene anakulira ku Malawi angadabwe kuti mwana wa ku Mbare, mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Dedza kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, anakumana nawo bwanji masewero amenewa. Koma ku Zimbabwe rugby ya m'masukulu ndi nkhani yaikulu. Masukulu monga Prince Edward, Churchill ndi St George's a mu Harare, Peterhouse ya kufupi ndi Marondera, komanso Falcon ya ku Esigodini, amanyadira timu yawo yoyamba kuposa china chilichonse, ndipo mnyamata wovala jezi ya timu imeneyo amapatukiridwa pakhonde ngakhale ndi anzake amene amamuposa m'kalasi.

Sukulu yathu sinali m'gulu la masukulu otchukawo. Tonse tinali oyendera, ena kuchokera ku Mbare, ena ku Highfield, ena ku Mufakose, ndipo tikamaliza kukonzekera madzulo tinkathamangira makombi dzuwa litalowa kale, matope ouma ali m'mawondo. Nsapato zosewerera ambiri tinkagula za kaunjika pa msika wa Mupedzanhamo, ndipo sizinali zachilendo kuona mnyamata atavala nsapato ziwiri zosiyana mtundu. Bwalo lathu silinkathiriridwa, choncho pofika mwezi wa June udzu unkakhala utatha, nthaka ili gwaa, moti aliyense wogwetsedwa ankadzuka khungu la pachigongono litatsala pansi. Amene ankatiphunzitsa anali aphunzitsi athu a Geography, munthu wofatsa amene anasewerapo kutsogolo ali mnyamata, ndipo ankadziwa bwino kuti timu yopanda liwiro ndi yopanda zipangizo ili ndi njira imodzi yokha yopezera ulemu, imene ndi mphamvu ya anyamata asanu ndi atatu a kutsogolo.

Kwa amene sanaonepo masewerowa, timu imakhala ndi anthu 15. Asanu ndi atatu ndi olimbirana mpira, ndipo asanu ndi awiri otsalawo ndi othamanga nawo. Pakachitika cholakwa chaching'ono, monga kuponyera mpira kutsogolo, asanu ndi atatu aja amakolowekana mapewa ndi anzawo a timu inayo n'kumakankhana mpira uli pakati, ndipo ichi ndicho sikiramu. Kulemera konse kwa anthu 16 kumathera pa makosi ndi misana ya atatu a mzere woyamba mbali iliyonse. Ine ndinkavala nambala 6, m'mbali mwa sikiramu, koma mzati wathu anali mnyamata wa nambala 3, wamfupi, wa khosi lalikulu, amene makolo ake anali ochokera ku Mangochi. Iye ndi amayi ake ankachita lendi kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya anthu ena ku Mbare komweko. Popeza aliyense pabwalo ankamva Chishona ndi Chingerezi, ife awiri tinapempha aphunzitsi kuti zizindikiro zoponyera mpira ukatuluka kunja zikhale za kwathu. Ndikafuula kuti chambo, mpira unkapita kwa wodumpha wa kutsogolo. Usipa unali wa pakati. Kampango anali wa kumapeto kwa mzere. Palibe aliyense wa ife awiri amene anali ataionapo nyanja ya Malawi, koma nsomba zake zinatiwinira mipira yambiri chaka chimenecho.

Nyengo inayamba ndi chikondwerero cha rugby ya masukulu chimene chinkachitikira pa Prince Edward teremu ikamayamba, chimene masiku amenewo chinkadziwika ndi dzina la kampani ya thonje ya Cottco. Matimu ang'onoang'ono ngati athu ankasewera m'mawa pa mabwalo a m'mbali, mame asanaume, ndipo madzulo tinkakhala m'khamu kuonerera ma Tigers, timu yoyamba ya Prince Edward, pa bwalo lawo la Jubilee Field, kumene nyimbo za ana asukulu zinkamveka mpaka mumsewu. Tinagonjako ndipo tinapambanako, koma chimene aphunzitsi anabwerera nacho chinali chakuti sikiramu yathu sinabwerere m'mbuyo kwa wina aliyense.

Kumapeto kwa May boma linayamba ntchito yogwetsa nyumba ndi misika imene inatchedwa Murambatsvina. Lipoti la bungwe la United Nations limene Anna Tibaijuka anatulutsa mu July chaka chomwecho linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, njira yopezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Ku Mbare tinyumba ta kuseri tinagwa, misika inatsekedwa, ndipo anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Kwa anzathu achishona mawu amenewo anali owawa koma anali ndi tanthauzo, chifukwa ambiri anali ndi agogo ku Murewa kapena ku Gutu. Kwa ife adzukulu a machona, kumudzi kunali dziko lina limene ngakhale makolo athu ena anali asanapondeko.

Kanyumba ka mnzanga wa nambala 3 kanagwa m'masiku oyambirira. Iye sanauze munthu. Ndinazindikira tili mu sikiramu, mutu wanga uli pafupi ndi chiuno chake, pamene ndinamva jezi yake ikununkha utsi wa mapulasitiki ndi matayala amene anthu ogona panja ankawotha usiku. June wa ku Harare amazizira mpaka m'mafupa. Madzulo amenewo ndinadikira bambo amalize kudya, kenaka ndinagwada pafupi nawo.

"Bambo, mnzanga uja wa ku Mangochi akugona panja ndi amayi ake. Kodi sangabwere kuno?"

Bambo anakhala chete kanthawi, akuyang'ana zipinda zathu ziwiri zija. Kenaka anati, "Mwanangu, mphasa ilipo. Kamuuze abwere, ndipo amayi ako akalankhule ndi amayi ake mawa."

Anakhala nafe milungu ingapo, ndipo m'milungu imeneyo timu yathu inasewera bwino kuposa nthawi ina iliyonse imene ndikuikumbukira. Ndimakhulupirira mpaka lero kuti bwalo lija linali malo okhawo amene mnyamatayo ankadziwa pamene ayenera kuima ndi chimene ayenera kuchita, ndipo ankakankha ndi mtima wonse. Pa nthawi yomweyo kunamveka nkhani yakuti Tonderai Chavhanga, amene anaphunzira pa Prince Edward, wagoletsa ma try asanu ndi limodzi (try ndi chigoli chokhudzitsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa timu inayo) pa masewero ake oyamba mu timu ya South Africa, posewera ndi Uruguay. Othamanga athu a m'mbali anayamba kuyenda modzimva ngati kuti ndi iwo, koma aphunzitsi anawakumbutsa kuti palibe wothamanga amene amagoletsa ndi mpira umene a kutsogolo sanaulande.

Kenaka amayi ake anapeza malo kwa achibale pa famu ina kufupi ndi Mvurwi, ndipo anatumiza uthenga wakuti mwana apite akathandize kumanga ndi kugwira maganyu. Bambo anayesa kuchonderera kuti atsale mpaka mayeso, koma mayi amene watsala ndi mabulangete ndi mapoto okha sungamuuze kuti asiye mwana wake wamkulu m'tawuni chifukwa cha mpira. Anapita Lamlungu m'mawa. Sanali yekha, chifukwa pofika pakati pa teremu tinali titataya wodumpha mmodzi ndi othamanga awiri pa zifukwa zofanana.

Apa m'pamene ndinaona nzeru za aphunzitsi athu. Malamulo a rugby salola kuika munthu wosaphunzitsidwa mu mzere woyamba, chifukwa sikiramu ikagwa khosi likhoza kuthyoka. Timu ikasowa anthu oyenera, oyimbira amalamula kuti sikiramu ikhale yosakankhana, ndipo kwa ife zimenezo zinali kulandidwa chida chokhacho chimene tinali nacho. Anyamata ambiri, ine ndemwe, tinkafuna kuti wina angolowa pa nambala 3 Loweruka lomwelo. Aphunzitsi anakana. Anavomera kusewera masewero awiri ndi sikiramu yosakankhana, tikunyozedwa ndi oonerera, pamene ankasamutsa mnyamata wa nambala 2 kupita pa 3 ndi kundiphunzitsa ine ntchito ya nambala 2. Madzulo aliwonse ankatiimika pa makina akale okankhira, a chitsulo chadzimbiri ndi mapilo ong'ambika, akuyenda m'mbali mwathu ndi kubwereza kuti msana uwongoke, chibwano chikwere, chiuno chisapose mapewa. Nambala 2 amalendewera pakati pa anzake awiri, manja onse ali pa misana yawo, ndipo alibe chodzitetezera nacho sikiramu ikagwa. Makutu anga anatupa, ndipo amayi ankandipaka Vaseline n'kundimanga tepi kuzungulira mutu, uku akudandaula kuti sanandiberekere zimenezi. Ndaonapo anthu oyenda pa njinga ya olumala chifukwa cha changu cha akuluakulu ofuna kupambana, ndipo n'chifukwa chake aphunzitsi aja ndimawalemekeza kwambiri.

Mafuta a galimoto ankasowa chaka chimenecho, choncho maulendo ena analephereka. Umodzi umene unatheka unali wopita ku sukulu ina yogonera konko kunja kwa mzinda, kumene tinafika titakwera lole ya kholo la mnzathu, titafunda mabulangete. Udzu wa kumeneko unali wobiriwira pakati pa chilimwe, ndipo anyamata ake anali ndi osinthana nawo odzaza benchi. Anatigonjetsa ndi zigoli zambiri, pakuti m'masewero a masukulu chigawo chilichonse ndi mphindi 35, ndipo ife mphamvu zinkatithera chigawo chachiwiri chikangoyamba. Koma chakumapeto tinapeza mwayi woponya mpira pafupi ndi mzere wawo. Tsopano woponya ndinali ine. Ndinafuula kuti kampango, mpira unapita kumapeto kwa mzere, wodumpha wathu anautsitsa, ndipo tonse asanu ndi atatu tinamuunjikira n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, mpaka tinagwera kuseri kwa mzere. Mapointi asanu amenewo sanasinthe zotsatira, komabe makolo a sukulu inayo anaimirira kutiwombera m'manja, ndipo aphunzitsi athu, amene sankaonetsa zakukhosi, anavula chipewa.

Nyengo inatha kumayambiriro kwa August, sukulu zikutsekera. Tinagonja kambiri kuposa mmene tinapambanira, ndipo palibe wa ife amene anasankhidwa mu timu ya masukulu a Zimbabwe yopita ku mpikisano wa ana asukulu wa Craven Week ku South Africa, ngakhale kuti ndimakhulupirira kuti mnzanga uja akanakhalapo, osankha akanamuyang'ana kawiri. Majezi anali a sukulu, choncho tinawachapa n'kuwabweza. Tsiku lobweza, aphunzitsi anandiitanira ku ofesi n'kundionetsa mndandanda wa olemba mayeso a A-Level. Dzina la mnzanga linali pomwepo, chifukwa ndalama za mayeso amayi ake anali atalipira kale nyumba isanagwe. Anandipatsa kalata ndi ndalama ya basi kuchokera m'thumba mwawo, nati ndipite ku Mvurwi pa tchuthi ndikamufunefune. Za ulendo umenewo, ndi zimene ndinakapeza pa famupo, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.